Adada a mu Tepi

Aida anali atatopa ndi mafupa omwe. Sikunali kutopa kuja kwa munthu wochokera kumunda, amene akasamba n'kugona amadzuka ali wina. Kunali kutopa kwa mayi amene anayamba kudwazika mwamuna wake chimanga chikumera, ndipo tsopano chimangacho chinali m'nkhokwe. Ankachapa zofunda, kuyanika, kuphika phala loti wodwala angolawa n'kukankha mbale, kenako kuchapanso. Zonsezi ankazichita kuseri kwa nyumba kukumveka mikuwo ya azungu akuphedwa.

Mikuwoyo inkachokera m'chisakasa cha vidiyo. Amene anachimanga anali mwamuna wakeyo, Cornelius, munthu wa ku Thyolo amene anabwera ku Chitipa kudzagulitsa sopo ndi mchere, n'kukanirira konko chifukwa cha Aida. Matipate atangolowa, aliyense atayamba kuitanitsa chimene mtima wake ukufuna, Cornelius anapita ku Tunduma n'kubwerako ndi sikirini, deki, kajenereta ndi katoni ya matepi. Anakhoma mabenchi kuseri kwa golosale yake pa Lufita, makoma a bango anawakuta ndi mapulasitiki akuda kuti mkati muzikhala mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Achinyamata anabwera ngati aitanidwa ndi belu. Ana amene zaka zapitazo akanakhala pabwalo akuyeserera nyimbo za chipani, tsopano ankathithikana pamabenchi, kukamwa kuli yasa.

Mafilimu a zibakera anali ndi anthu ake. Koma amene ankadzaza chisakasa mpaka ena kukhala pansi ndi aja a anthu akufa otuluka m'manda. Anali oonda, maso olowa mkati, milomo yosendeka, ndipo ankayenda pang'onopang'ono manja ali patsogolo. Akagwira munthu ankamuluma. Mankhwala ake anali amodzi okha, kuwaphwanya mutu, ndipo mutu ukaphwanyika chisakasa chonse chinkaomba m'manja.

Aida sanazikonde kuyambira tsiku loyamba. Iye anakulira ku Misuku, kumene ukamva kuti kwagwa maliro umasiya khasu m'munda, ndipo sankamvetsa kuti munthu wamkulu angakhale pansi bwanji n'kupanga sewero la mitembo. Koma golosale itatsekedwa chifukwa cha matenda, chisakasacho n'chimene chinkawadyetsa. Ankangotseka pakamwa n'kumachapa.

Amene ankayendetsa deki anali Fiona, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa Fomu 2. Bambo ake anamuphunzitsa ntchitoyi asanamalize n'komwe pulayimale. Chithunzi chikayamba kunjenjemera ankadziwa potembenuza. Tepi ikatafunidwa ankaitulutsa bwinobwino n'kuilumikiza ndi selotepi. Anyamata akuluakulu a ndevu ankamunyengerera kuti abwereze malo amene awasangalatsa, iye n'kumawayankha mothimbwidzika ngati kalaliki wa kupositi.

Tsiku loyamba kuona munthu akudulidwa khosi, Fiona analira mpaka kubanika. Cornelius anangoseka. Anadina batani lobwezera tepi chithunzi chikuoneka. Magazi anabwerera m'khosi, mutu unalumphira pamalo pake, munthu uja n'kuimirira wamoyo.

"Waona, mama?" anatero Cornelius. "Palibe wafa apa. Ukachita mantha uzingobweza tepi."

Ndi mmene analili Cornelius. Chilichonse chovuta ankachipezera nthabwala, ndipo Aida anamukonda chifukwa cha zomwezo, ngakhale kuti nthawi zina zinkamupsetsa mtima. Fiona anasiyadi kulira. Patapita miyezi ankatha kudya chitumbuwa munthu akung'ambidwa mimba pasikirini, osaphethira n'komwe. Bambo ake ankati mwana walimba mtima. Aida ankaona zina. Ankaona kuti mwanayo sakhalanso pamalo popanda khoma kumbuyo kwake, ndipo munthu akamugwira paphewa chakumbuyo ankalumpha ngati waponda moto. Atanena, anayankhidwa kuti ndi ubwana, zidzatha.

Kenako Cornelius anayamba kutsokomola. Mimba ija imene inkatsogola polowa m'tchalitchi inapita, masaya anapita, tsitsi linasanduka lofewa ngati la khanda. Dzina la matendawo palibe ankalitchula, koma pa Lufita panalibe amene sankalidziwa, pakuti zaka zimenezo nyumba zambiri zinali ndi chipinda chotseka zenera.

Loweruka lina masana Aida anapita kumjigo. Cornelius, atatopa ndi kuyang'ana denga, anadzikakamiza kudzuka kuti akaone chisakasa chake. Anayenda atagwirira khoma la nyumba. Khoma litatha anatambasula manja kuti asagwe, n'kumakwekweretsa mapazi mpaka pakhomo la chisakasa. Anakankha chiguduli chotchinga pakhomopo, dzuwa likuwala kumbuyo kwake. Mkatimo tepi inali itafika pamene akufa aja amathyola chitseko.

Mnyamata wina wa pabenchi ya kumbuyo, Vitumbiko, ndiye anayamba kukuwa kuti chatuluka m'sikirini.

"Chafuma mu sikirini! Chafuma!"

Mabenchi anagwa. Ena anabowola makoma a bango ndi mitu. Fiona sanathawe. Anatola thabwa la benchi yothyoka, analikweza ndi manja awiri n'kulunjika pamutu pa chinthu chimene chinaima pakhomocho.

"Fiona, ndine," anatero Cornelius.

Thabwa linaima m'malere. Mtsikanayo anayang'ana bambo ake, anayang'ana manja ake, n'kuponya thabwalo pansi. Anatulukira pabowo la bango n'kuthawira kuminda.

Aida atafika ndi ndowa pamutu anapeza mwamuna wake atakhala m'fumbi pakhomo la chisakasa. Anyamata aja anali ataunjikana pamsewu, mantha atatha, akuseka chikhakhali ndi kuyeserera mmene munthuyo amayendera. Aida sanawatukwane, analibe mphamvu zake. Anatula ndowa, anabereka mwamuna wake kumsana ngati mwana n'kukamugoneka.

"Mwana uja ali ndi dzanja," anatero Cornelius akupumira m'mwamba. "Akanandimaliza bwinobwino, inu mukanapumula."

Aida sanaseke.

Kuyambira tsiku limenelo Fiona sanapondenso m'chipinda cha bambo ake. Sikuti anayamba ulesi ayi. Ankatunga madzi, kuwaza nkhuni, ngakhale zofunda zoipitsidwa zija ankachapa popanda kukwinya nkhope. Koma akamadutsa pakhomo la chipindacho ankatembenuzira nkhope kukhoma linalo n'kufulumira. Ndipo Cornelius, amene tsopano dziko lake lonse linali bedi ndi denga, ankamva mapazi a mwana wake akudutsa. M'mawa uliwonse ankafunsa, "Anyina Fiona, mwana wapita kusukulu?" Masana ankafunsa, "Wabwera?" Aida akavomera, munthuyo ankayang'ana kuchitseko kwa nthawi yaitali, kenako n'kubwezera maso kudenga.

Chimenechi n'chimene chinkamudya Aida kuposa kuchapa. A kuchipatala anali atanena kale kuti apite naye kunyumba azikamupatsa chimene mtima wake ukufuna, ndipo aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Chimene mtima wa Cornelius unkafuna chinali chimodzi, ndipo chinkadutsa pakhomo pake tsiku lililonse chitayang'ana kumbali.

Aida anayesa kukalipa. Anayesa kuchonderera. Tsiku lina anamukoka mwanayo padzanja mpaka pakhomo la chipinda, koma Fiona anakumbatira felemu la chitseko n'kukanirira mpaka chikhadabo chinathyoka. Cornelius ali mkati anangoti, "Musiyeni," ndipo mawu akewo anamveka omvetsa chisoni kwambiri moti Aida sanayesenso. Mkulu wa mpingo anabwera, anapemphera pemphero lalitali, anamwa tiyi n'kupita.

Kenako kunabwera Eluby, mkulu wake wa Aida, kuchokera ku Misuku. Anatsika pa matola ali mbuu ndi fumbi, atanyamula mkoko wa nthochi ndi kathumba ka nyemba. Eluby anali mayi wosadziwa kunong'ona. Atalowa kukaona mlamu wake n'kumupepesa, anatuluka n'kumukhazika Fiona pakhonde.

"Iwe mwana, ukupanga vichi? Munthu wagona mukatimu ndi awuso, bambo ako okubala. Mawa akatisiya, anthu adzakuloza chala mpaka udzakalambe. Ndipo zala za anthu n'zazing'ono, iwe wekha sudzagona tulo."

Fiona anali atawerama, akukanda simenti ndi chala chothyoka chikhadabo chija.

"Amama akulu, ndikudziwa kuti ndi adada. Mutu wanga ukudziwa."

"Sono?"

"Koma maso akangowaona, manja amayamba okha kufunafuna thabwa."

Madzulo ake Eluby anatembenukira kwa Aida.

"Tseka chinthu chija, Aida. Chawononga mwana."

"Nditseke tidye chiyani?"

Eluby anakhala masiku ochepa, anathandiza kuchapa, n'kubwerera kukathyola khofi wake. Chisakasa chinapitiriza kukuwa.

Tsiku lina pakati pa sabata, nthawi imene achinyamata amakhala kusukulu ndipo kulibe choonetsa, Aida anamva kajenereta kakulira. Mtima unamupsa. Petulo anali wosowa, ndipo amene analipo anali wa Loweruka. Anasiya beseni n'kupita kuchisakasa, manja ali thovu lokhalokha.

Fiona anali yekha pabenchi ya kutsogolo, atavala yunifolomu, kusukulu sanapite. Pasikirini panalibe mitembo. Panali ukwati wa Sylvester, mnzake wa Cornelius wogulitsa zida za njinga, umene unachitika chaka cha chisankho choyamba cha matipate, pamene anaitanitsa wojambula kuchokera ku Mzuzu. Inali nthawi ya perekaniperekani. Pakati pa anthu panatulukira Cornelius, wonenepa, jekete atamasula mabatani, akuvina chammbali kampango kali m'mwamba, thukuta likuwala pachipumi. Anayang'ana kamera n'kuitsinzinira diso limodzi. Kenako kamera inapita kwa akwati.

Fiona anadina batani. Anthu onse anavina chobwerera, Cornelius anatulukiranso, anatsinziniranso diso. Kamera itachoka, mwanayo anadinanso.

"Adada anga ndi awa," anatero osatembenuka. Anali atamva kuti mayi ake alowa.

Aida anafuna kumuwomba mbama, koma dzanja linamulemera. Chimene anamva mumtima chinamuchititsa manyazi, pakuti inali nsanje. Mwanayu anali atadzitengera wonenepa uja, wovina uja, woseketsa anthu uja, n'kumusiyira iye woondayo, wofunika kumutembenuza ndi kumupukuta. Nayenso akanakonda kukhala pabenchi n'kumadina batani. Anaima pamenepo mpaka thovu linauma m'manja, akuonera mwamuna wake akuvina, kenako anatuluka.

Sanafune kumuuza Cornelius, koma munthu amene wagona chigonere amamva chilichonse. Anafunsa chifukwa chimene jenereta imalirira pakati pa sabata, ndipo Aida, amene analibenso mphamvu zopeka bodza, anamuuza zonse. Cornelius anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Aida anamukhazika tsonga n'kumusisita pamsana mpaka chinatsika.

"Nanga ndinavina bwino?"

"Munavina ngati munthu wopanda ngongole ndi Mulungu. Gonani."

Cornelius anabwezera maso kudenga.

"Anyina Fiona, mubweretse sikirini muno. Ndikufuna ndidzionere ndekha."

"Mawaya aja ine sindiwadziwa."

"N'chifukwa chake ndikutero. Muike sikirini patebulo kumiyendo kwangaku. Kampando muike pakati, koyang'ana kusikirini. Mukamuuze mwanayo kuti sindikumupempha kuti andiyang'ane. Ine ndine kasitomala, angondionetsa filimu basi."

Aida anapita kukanena mawuwo monga anawamvera. Fiona anafunsa ngati kampandoko kadzayang'anedi kusikirini. Aida anati kadzatero.

Mawa lake masana Aida anakonza chipinda. Anasesa, anasintha zofunda, anatsegula zenera limene linakhala chitsekere. Kenako anachita chinthu chimene sanauze munthu aliyense. Anatulutsa ndodo imene Cornelius ankayendera, anatulutsa mpini wakale umene unkakhala kuseri kwa chitseko, ngakhale tsache analitulutsa. Pobisa zinthuzo kuseri kwa khitchini misozi inamutuluka. Anali mayi wobisira mwana wake ndodo kuti angamenye bambo ake odwala, ndipo sanadziwe kuti zinafika bwanji pamenepo.

Sikirini anainyamula yekha. Petulo wotsala pansi pa chigubu anamuthira yense m'kajenereta, za Loweruka anati adzaziona Loweruka. Fiona analowa chafutambuyo, deki ili pachifuwa, akufufuza njira ndi chidendene. Analumikiza mawaya nkhope ili kukhoma. Anakhala pakampando, msana wake uli kwa bambo ake, wowongoka ngati wa msilikali. Aida anakhala pansi pafupi ndi chitseko, atatsamira khoma, kapu ya madzi a wodwala ili m'manja.

Ukwati unayamba. Fiona anadumphitsa zakutchalitchi mpaka pa perekaniperekani.

"Taonani mimba iyo," anatero Cornelius ndi mawu ake otsalawo. "Inapita kuti mimba imene ija? Bweza, mama."

Fiona anabweza.

"Jekete limenelo ndi la pakaunjika. Sylvester mpaka lero amakhulupirira kuti ndinagula ku Blantyre. Bwezanso."

Mapewa a mtsikanayo anagwedezeka pang'ono. Kanali kaphwete kotulukira m'mphuno, koyamba kuchokera tsiku la thabwa lija. Anabwezanso asanauzidwe. Cornelius wa mu tepi anavina, anatsinzinira diso, anavina chobwerera, anatsinziniranso.

Pamenepo Aida anaona dzanja likutuluka m'bulangete. Linali mafupa okutidwa ndi khungu, ndipo linkayenda pang'onopang'ono kulowera paphewa la mwanayo. Aida anali asanakhalepo pansi kuonera mafilimu aja, koma malo amenewa ankawadziwa. Anali atawaona polowa kukasesa, dzanja lochokera kumbuyo, munthu asakudziwa, kenako mkuwo umene unkamupeza pochapa. Anafuna kunena kuti a bambo a Fiona musatero, koma anachedwa.

Dzanja linafika.

Fiona anauma thupi lonse. Manja ake anachoka pa deki n'kugwera pamaondo. Zala zinatseguka, zinatsekeka, zinatsegukanso. Dzanja limodzi linatsikira pansi n'kufufuza m'mbali mwa kampando, koma linangopeza simenti yosesedwa. Mwanayo ankapuma ngati wathamanga. Pasikirini akwati ankadula keke, anthu akululutira.

Kunja kajenereta kanatsokomola, kanayesanso, n'kuzima.

Chithunzi chinafota n'kutha. M'chipindamo munangoti zii. Galasi la sikirini linada, ndipo poti dzuwa la pazenera linkagwera pabedi, m'galasimo munaoneka zonse za kumbuyo. Munali nkhope ya Fiona, ndipo pamwamba pa phewa lake munali nkhope ina, yoonda, maso olowa mkati, milomo yosendeka.

Aida anadzikonzekeretsa kuti agwire mwanayo akamathawa. Koma Fiona sanasunthe. Galasi limenelo anali ataonamo zinthu zoopsa zamitundumitundu osaphethira, ndipo mwina n'chifukwa chake anatha kuyang'anitsitsa. Anayang'ana nkhope ija kwa nthawi yaitali. Nkhopeyo inayesetsa, movutikira, n'kumutsinzinira diso limodzi.

Chala cha Fiona chinapita chokha pabatani n'kudina. Palibe chinachitika. Anadinanso.

"Adada, petulo watha," anatero. "Sindingabweze."

"Ndikudziwa, mama. Isiye."

Misozi inatsika m'masaya a mtsikanayo mpaka kugwera payunifolomu, koma maso sanawachotse pagalasi. Dzanja lake lija linkafufuza pansi linakwera pang'onopang'ono n'kukagwira zala zimene zinali paphewa pake.

"Manja anu akuzizira."

"Ndi a kasitomala wokalamba."

"Milomo yanunso yauma."

Kampando kanakwekwereza pasimenti. Fiona anatembenuka.

Aida sanaone zimene zinatsatira. Mutu wake unali utatsamira khoma, ndipo zikope zinamulemera mwadzidzidzi ngati wina waziika miyala. Ankadziwa kuti kunja kuli zovala zonyowa m'beseni, kuti petulo wa Loweruka watha, kuti munthu ali pabediyo sadzaona mvula yoyamba. Zonsezo zinalipo, ndipo palibe chimene chinasintha. Koma anamva mapazi akubwera kumene anakhala, kenako zala za mwana wake zikumasula zake chimodzichimodzi n'kuchotsa kapu ija m'manja mwake.

Sanatsegule maso.